Batani Lofiira la Masterji Nachhattar Singh

Malemu Nachhattar Singh, amene ambiri a inu munkawatcha Masterji, anabadwa pa 14 Malichi 1943 m'mudzi mwathu muno mwa Sundarwala, m'nyumba ija ya njerwa zosaotcha imene lero tikusungiramo mapesi a tirigu. Anali mwana wachiwiri komanso wotsiriza wa bambo Bishan Singh ndi mayi Har Kaur. Mkulu wawo anali bambo anga, malemu Mukand Singh. Ine ndayima panoyu ndine Baltej Singh, ndipo malemuwa ndinkawaitana kuti Chacha, poti anali bambo anga aang'ono. A kubanja anandipempha kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ndinayamba ndakana, ndipo pofika kumapeto kwa pepalali mudziwa chifukwa chake. Akuluakulu a kachisi, abale ndi alendo nonse amene mwakhala pansi pano, mundipirire, pakuti zina zimene ndiwerenge si zimene anthu amawerenga pamaliro.

Malemu anakulira pansi pa pepala lija nonse mukulidziwa, lachikasu, la m'galasi, limene lakhala likulendewera pamwamba pa khomo la chipinda chathu cha alendo. Ndi la zilembo zachiperisiya, ndipo kumunsi kwake kuli chidindo chakuda. Tonse tinauzidwa tili ana kuti linachokera ku bwalo la ufumu ku Lahore, kuthokoza kholo lathu, a Dasaundha Singh, amene anafera pankhondo ya ku Sobraon pa 10 Febuluwale 1846, pamene asilikali a ufumu wa ku Lahore, otchedwa Khalsa, anamenyana ndi Angerezi m'mbali mwa mtsinje wa Sutlej. Tinauzidwanso kuti munda wathu wa kuchitsime anapatsidwa mkazi wawo wamasiye chifukwa cha magazi amenewo. Agogo a Bishan ankavula nsapato akafuna kulipukuta fumbi. Mwana wopita kukalemba mayeso ankayamba waweramitsa mutu pansi pake. Paukwati uliwonse oimba ankatchula dzina la a Dasaundha, ife n'kumatukula zifuwa. Koma m'nyumba monse munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuliwerenga, ndipo anansi amene ankadziwa zilembo zimenezo anawoloka malire dziko litagawidwa mu 1947, malemuwa ali ndi zaka zinayi.

Anayamba sukulu mu 1949 pansi pa mtengo wa kuseri kwa kachisi uno, akulemba pathabwa. Mu 1955 anapita kusukulu yaikulu ya ku Zira, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankapalasa njinga ya mkulu wawo imene inalibe mabuleki. Bambo anga ankakonda kunena kuti njingayo ndi imene inaphunzitsa mng'ono wawoyo kuona patali, chifukwa wopanda mabuleki amayamba kuganiza za ngalande adakali kutali nayo. Anamaliza maphunziro auphunzitsi mu 1963, ndipo mu Epulo 1964 anayamba ntchito. Anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri m'sukulu zitatu, yomaliza ili ya m'mudzi muno. Theka la amuna a ndevu zaimvi amene ndikukuonani muno munakokedwapo khutu ndi dzanja lawo. Sankamenya mwana chifukwa cholephera samu, koma akakugwira bodza unkalakalaka akanangokumenya.

Pa 26 Novembala 1967 anakwatira mayi Nasib Kaur a m'dera la Moga, amene akhala apowa. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Tarlochan Singh ndi Amarpreet Kaur. Chachi, ndimo mmene ife timawaitanira mayiwa, akhala akunena poyera kuti iwo analowa mitala osadziwa, poti anapeza Masterji ali kale pabanja ndi nkhondo ya ku Sobraon. Mu 1972 malemu anatenga nsalu yaikulu yoluka pamanja imene Chachi anabwera nayo paukwati, n'kuwapempha kuti awasokerepo mtsinje ndi ulusi wabuluu. Chachi anakwiya masiku awiri, tsiku lachitatu n'kutenga singano. Umo ndi mmene inayambira nsalu imene yapachikidwa kukhoma lakumanja kwanuko. Gulu lililonse la asilikali linali batani limodzi, abuluu a Khalsa, ofiira a Angerezi. Munthu ukapita kwa Masterji utavala malaya a mabatani ofiira unkabwerako chifuwa chili pamtunda.

Chaka ndi chaka, pa 10 Febuluwale, ankaipachika nsaluyo pabwalo la sukulu, n'kuimirira ndi kandodo kawo, ndipo ankayamba ndi abuluu. Ankatisonyeza linga la dothi lokhota ngati uta, mtsinje uli kumbuyo kwake, ndi mlatho umodzi wokha wa mabwato omangirirana. Pakati, pamene linga linali lalitali, ankaloza magulu a asilikali oyenda pansi ophunzitsidwa bwino, lililonse lodziwika ndi dzina la mkulu wake. Pakati pa magulu amenewa panali oomba mizinga, mizinga yake pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Kumanja, kumene dothi linali lamchenga ndipo linga linali lalifupi, kunali asilikali osonkhanitsidwa m'midzi ndi timizinga ting'onoting'ono tonyamulira pa ngamila. Apakavalo ambiri anali kutsidya, kumene sakanathandiza aliyense. Kunalinso batani loyera la mkulu wina wokalamba amene anavala zoyera n'kulumbira kuti sabwerera wamoyo. Ndipo pamwamba pa onse panali batani lalikulu la mkuwa, la mkulu wa asilikali onse, limene malemu sanalisokere. Ankangolibaya ndi phini, chifukwa phunziro likafika pakati batanilo linkayenera kuthawa monga anathawira mwini wake. Ana ankaliyembekezera batani limenelo, ndipo likawoloka mlatho ankaliwowoza mpaka akhwangwala kuuluka.

Akatero ankatembenukira kwa ofiira. Ankafotokoza kuti Angerezi anagawa asilikali awo oyenda pansi m'zigawo zitatu, chakumanzere, chapakati ndi chakumanja, chilichonse ndi mkulu wake, ndipo akulu atatuwo ankamvera mmodzi. Chigawo chilichonse chinali ndi magulu ake, ndipo kawirikawiri pa magulu atatu limodzi lokha ndilo linali la azungu, awiriwo a amuna a kum'mawa, a m'zigwa za mtsinje wa Ganga, kuphatikizapo a kumapiri a ku Nepal. Kumbuyo kunali apakavalo, ndi mizinga ikuluikulu imene inali itangofika kumene, yokokedwa ndi njovu. Ankatiuza za chifunga cha m'mawa umenewo, za mizinga kuyankhana, za chigawo chakumanzere kulunjika palinga lamchenga lija, za mlatho kuduka ndi mtsinje wodzaza kumeza anthu. Ndipo ankamaliza ndi mawu amene ambiri muno mungawatchule pamtima, akuti gulu lililonse lili ndi mkulu wake, mkulu aliyense ali ndi womulamula, ndipo munthu aliyense anayima penapake. Usanamutamande munthu, yamba wadziwa pamene anayima.

Koma pansaluyo panasowa batani limodzi kwa zaka zoposa makumi atatu, la kholo lathu lomwe. Woimba wina ankati a Dasaundha anali pakati, wina ankati anali pakavalo, wina ankawaika pambali pa mkulu wa zoyera uja, malinga ndi mmene tamudyetsera. Ife tinkawanena malemu kuti asoka Angerezi onse ndi njovu zawo koma agogo awo awasiya panja ngati mbuzi. Iwo ankangoseka n'kuyankha kuti sasoka zongomva.

Atapuma pantchito mu Malichi 2001, anzawo akugula mipando yoti aziothera dzuwa, iwo anayamba kukwera basi Lachinayi lililonse kupita ku Malerkotla kwa mkulu wina wachisilamu, a Inayat Ali, kukaphunzira chiperisiya. Bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu ankakhala pamphasa n'kumatchula zilembo ngati mwana wa sitandade wani. Chachi ankawatsanzika ndi mawu akuti akapereke moni kwa mkazi wamkulu. Atadziwa kuwerenga, anayamba kupita ku Patiala kunyumba yosungira zolemba zakale, kumene kuli mindandanda ya mayina a asilikali a ku Lahore, gulu ndi gulu. Anafufuza zaka ziwiri. Dzina la Dasaundha Singh wa ku Sundarwala sanalipeze pagulu lililonse. M'malo mwake, pamndandanda wa oomba mizinga, anapeza dzina lina la m'mudzi muno, la Wasawa Singh.

M'mawa wina wa mu Novembala 2004 anafika kunyumba kwathu ine ndikupatsa udzu njati zathu zoweta. Anakwera pampando, n'kutsitsa pepala lija, n'kutuluka nalo padzuwa. Ndinawaona akuyendetsa chala pagalasi kuchokera kumanja kupita kumanzere, kawiri konse. Kenako anakhala pabedi la zingwe n'kupempha madzi. Abale anga, tsopano ndiwerenga zimene zili papepalalo, monga momwe malemu anazilembera m'chinenero chathu ndi dzanja lawo. Pepalalo silinachokere ku Lahore. Analemba ndi akuluakulu a Angerezi nkhondo itatha. Likuthokoza a Dasaundha Singh, mtsogoleri wa apakavalo makumi awiri ndi asanu a mfumu ina ya tsidya lino imene inali kumbali ya Angerezi, chifukwa choperekeza ngolo za wonga ndi zipolopolo za mizinga ikuluikulu ija mpaka kukafika nazo bwinobwino. Ndipo likuwapatsa munda wa kuchitsime, umene unalandidwa kubanja la Wasawa Singh, woomba mizinga wa ku Lahore amene anafera ku Sobraon. Kholo lathu silinafe tsiku limenelo. Linakalamba, n'kufera pabedi, likudya za m'munda wa munthu amene anaphedwa ndi zipolopolo zimene ilo linaperekeza.

Sindikudziwa amene anayambitsa nkhani ina ija. Mwina akale amene ankadziwa anangosankha kukhala chete, ana n'kudzaza okha pamene panali pachete. Chimene ndikudziwa n'chakuti tinatenga munda, kenako tinatenganso imfa ya mwini munda n'kuivala ngati nduwira yathu.

Malemu anatiuza zonsezi madzulo a tsiku lomwelo, bambo anga, ine ndi akazi athu tili pamodzi. Bambo anga anangodzuka n'kupita kukayang'ana njati zimene zinali zitadya kale. Ine ndinayankha, ndipo ndikanakonda ndikanapita nawo kukhola. Nthawi imeneyo mwana wanga wamkazi, Harleen, anali atatomeredwa, ukwati uli mu Malichi 2005. Asewere anga atabwera kudzaona nyumba ndinawaimika pansi pa pepala lomwelo, iwo n'kuweramitsa mitu. Ndinaopa kuti akamva, ukwati utha, ndipo mwana wanga adzakhala choseketsa cha m'midzi yonse kuyambira pano mpaka ku Makhu. Malemu anati amvetsa mantha anga, koma pa 10 Febuluwale adzanena zimene apeza, chifukwa aphunzitsa ana a anthu kwa zaka zambiri kuti munthu aliyense anayima penapake, ndipo sangayambe kubisa tsopano poti batani lagwera pakhomo pawo.

Pa 9 Febuluwale 2005, dzuwa lili paliwombo, ndinapita kunyumba kwawo. Ndinapeza nsalu itayalidwa pabwalo, ili ndi mabatani awiri atsopano, labuluu pamzere wa oomba mizinga a Khalsa, ndi lofiira kumbuyo kwa mizinga ya Angerezi, pamene panali ngolo. Ndinali ndi kampeni m'thumba. Ndinagwada pansalu ya Chachi ndi nsapato zanga zamatope, n'kudula batani lofiiralo. Ndinawauza bambo anga aang'ono, munthu amene anandigwira dzanja polemba chilembo changa choyamba, kuti akalamba, kuti chiperisiya cha ku Malerkotla chawazunguza mutu. Sindinawatchule kuti Chacha, ndinawatchula dzina lawo ngati mnzanga wa kumsika. Ndinalumbira kuti ukwati wa Harleen ukapasuka chifukwa cha mabatani awo, tsiku limene adzamwalire phewa langa silidzakhudza chithatha chawo. Nonse mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo kwathu kuno. Chachi anali pakhomo ndi mbale ya ufa m'manja, ndipo anamva zonse.

Malemu sanakweze mawu. Anawerama, n'kutola batanilo m'fumbi, n'kuliuzira. Anati chifukwa cha mwana akhala chete, koma ndiwauze kuti mpaka liti. Ndinati mpaka ukwati utatha. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti adikira kuti ine ndidzawauze kuti watha.

M'mawa mwake nsalu inapachikidwa monga mwa masiku onse, ndipo anthu analiona batani labuluu latsopano lija. Ena a inu munalipo. Ndinaimirira ine, osafunsidwa ndi munthu, n'kulengeza kuti Masterji apeza pamene agogo athu a Dasaundha anayima, kuti anali woomba mizinga. Munaomba m'manja. Mtsikana wina wa sitandade faifi anafunsa malemu ngati zinali zoona. Anamuyang'ana, n'kungoti wamva zimene wanena Baltej. Kuyambira tsiku limenelo sanaimenso kutsogolo kwa nsaluyo. Tinkaipachika ndife, iwo n'kumati pakhosi pakuwawa, ndipo anthu akafunsa, ine ndinkagwira kumutu n'kunong'ona kuti ukalamba ndi umenewu. Mphekesera ija yoti Masterji mutu sukuyenda bwino, imene inafika mpaka kwa ophunzira awo akale, inayambira pakamwa panga.

Ukwati unachitika pa 13 Malichi 2005, ndipo malemu anavina nawo, n'kumuika Harleen dzanja pamutu pomudalitsa. Chaka chomwecho anaitana a Ajaib Singh, a kumapeto kwa mudzi, amene akhala akugwira maganyu m'minda ya anthu kuyambira ali mnyamata, n'kuwauza kuti azilima gawo la malemuwo la munda wa kuchitsime, osapereka kanthu. Chifukwa chake sananene, poti anali atalonjeza kukhala chete. Ife tinati umboni wa misala ndi umenewu. A Ajaib eni ake anaganiza kuti ndi chifundo chabe cha mphunzitsi wokalamba, ndipo chaka chilichonse ankabwera ndi thumba la tirigu kudzathokoza, malemu n'kumalibweza nkhope ili pansi.

Pa 9 Febuluwale 2006 anandipeza pachitsime, n'kundifunsa mwaulemu kuti, Baltej, kodi ukwati uja unatha? Ndinati adikire pang'ono, Harleen ali woyembekezera. Chaka chotsatira anafunsanso, ndinati bambo anga akudwala. Bambo atamwalira mu 2009 ndinati maliro adakali atsopano. Kenako ndinati mwana wanga wamwamuna akufuna mkazi, kenako ndinati ndikupikisana nawo pa upampando wa kopaletivi ya mkaka. Zifukwa sizinkandithera. Iwo sanaphonye chaka ndi chimodzi chomwe, ndipo sanawonjezerepo mawu ena, funso lomwelo basi, n'kubwerera kwawo manja ali kumbuyo. Akanatha kunena okha tsiku lililonse, pakamwa panali pawo. Koma anali atapereka mawu awo kwa ine, ndipo ine ndinawagwiritsa ntchito ngati chingwe. Ndinafika pomazemba njira ya kuchitsime mwezi wa Febuluwale ukayandikira.

Mu Okutobala 2023 anagwa akuthirira maluwa, ndipo mbali ya kumanja inafa ziwalo. Anagonekedwa m'chipatala ku Ferozepur milungu itatu, kenako anabwerera kunyumba, kumene Chachi ndi Amarpreet anawasamalira. Kulankhula kunkavuta. Kumapeto kwa Januwale chaka chino ndinapita kukawaona masana. Anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamanzere, n'kuyesa kulankhula, ndipo ngakhale lilime linali lolemera ndinamva bwinobwino mawu akuti ukwati. Ndinamva, abale anga. Ndinanamizira kuti sindinamve, ndinawakonzera bulangeti, n'kuwauza kuti apume tidzacheza akapeza bwino. Malemu anatisiya m'mawa wa pa 1 Febuluwale 2024, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu.

Tsiku lomwelo amuna a m'banja tinasambitsa thupi ndi madzi ndi chambiko monga mwa mwambo. Ine ndi amene ndinamasula kansalu ka mkati mwa nduwira yawo. Pakona pake panali mfundo yaing'ono, yolimba, yakuda ndi thukuta. Nditaimasula, batani lofiira linagwera m'manja mwanga. Chachi anandiuza pambuyo pake kuti akamachapa kansalu kamodzi malemu ankalisamutsira pa kena, tsiku ndi tsiku, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Patangopita kanthawi ndinaika phewa langa pansi pa chithatha chawo, phewa lomwe lija ndinalumbirira, ndipo palibe amene anandikaniza.

Titawotcha thupi monga mwa mwambo wathu, n'kubwerako kokathira phulusa lake mumtsinje wa Sutlej, Chachi anandiitana, n'kuyala nsalu ija chadodolido, kumbuyo kuli pamwamba. Zaka zonsezi ndakhala ndikuipachika ndi manja angawa koma sindinaitembenuzepo. Kuseri kwa batani lililonse mayiwa anasokapo dzina la gulu ndi la mkulu wake, ndi ulusi wakuda. Kuseri kwa labuluu lija ndinkati ndi la agogo athu kunalembedwa kuti Wasawa Singh, Sundarwala. Pamene ndinadula paja tiulusi tinali tidakalipo, ndipo kuseri kwake kunali dzina la Dasaundha. Chachi anati amuna a m'banja lino timangoona kumaso kwa nsalu. Kenako anandipatsa singano, n'kunena kuti wodula ndi amene amasoka, ndipo iwo maso anawathera posamalira munthu amene ine ndinkamunena kuti ndi wamisala. Ndinasoka dzulo. Mukayandikira muona kuti lapendekeka, chifukwa sindinagwirepo singano chibadwire.

Ndinamuuzanso Harleen, amene wabwera ndi ana ake awiri. Analira, n'kundifunsa kuti ndani anandituma kugula ukwati wake ndi pakamwa pa agogo ake. Ndinawauzanso asewere anga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti nkhani yake ndi yomweyi basi? Anati iwo anabwera kudzafuna mtsikana, osati pepala, ndipo agogo a agogo awo sakudziwa n'komwe kuti anayima mbali iti. Ndiye kuti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zonsezo ndinamutseka pakamwa munthu wachilungamo popanda chimene ndinkateteza, koma nkhope yanga yokha. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Koma akulu anatinso mlandu suola, ndipo lero ndi pa 10 Febuluwale, tsiku lawo lophunzitsa. Pepala lija talitsitsa, lili patebulo apa pamodzi ndi zimene malemu anamasulira, kuti aliyense wofuna awerenge.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Nasib Kaur, mwana wawo wamwamuna Tarlochan Singh, amene timuveka nduwira ya bambo ake mapemphero akatha, ndi mkazi wake Rupinder Kaur, mwana wawo wamkazi Amarpreet Kaur ndi mwamuna wake Gurmel Singh, zidzukulu zisanu, ndi ife ana a mkulu wawo. Asiyanso ophunzira amene sitingathe kuwatchula mayina. Tarlochan ndi Amarpreet andiuza kuti ndilengeze kuti gawo la bambo awo la munda wa kuchitsime likhala m'manja mmene lili, ndipo akalembetsa kuboma. Za gawo langa sindinena zambiri pano, chifukwa pakamwa panga palonjezapo kale zinthu; muzandiweruze ndi zimene muone tirigu akakololedwa.

Banja likuthokoza owerenga buku loyera amene asinthana kuyambira tsiku la maliro, oimba nyimbo zachipembedzo, ndi akuluakulu a kachisi uno. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira ku Ferozepur, anansi amene ankasinthana kuwatembenuza pabedi, aphunzitsi ndi ana a sukulu amene apachika nsalu m'mawa uno, ndi a kubanja la malemu Inayat Ali amene ayenda kuchokera ku Malerkotla. Tikuthokoza amayi onse amene akuphika mphodza ndi chapati kuti aliyense adye asanabwerere.

Pomaliza tikuthokoza a Ajaib Singh, amene akukanda ufa kukhitchini kuyambira m'mawa, monga amachitira pamaliro aliwonse m'mudzi muno, ndipo zonsezi akuzimva koyamba kudzera pachimkuzamawu. A Ajaib, inu ndinu mdzukulu wa mdzukulu wa Wasawa Singh. Batani labuluu limene mudzi uno wakhala ukuliombera m'manja ndi lanu. Nyimbo zimene zinkaimbidwa pa maukwati athu, inu mukutsuka mbale kuseri, zinali za kholo lanu. Siyani kaye ufawo, musavutike n'kusamba m'manja, bwerani mudzakhale kutsogolo kuno pambali pa Chachi. Akusungirani malo.

Waheguru, Mulungu wathu, awalandire Masterji Nachhattar Singh pamapazi ake, ndipo atipatse ife otsala mphamvu yovomera chifuniro chake. Chacha, ndachedwa kuyankha, koma ukwati uja unatha. Unatha kalekale. Mzimu wanu uuse mumtendere.